Mwafunsa, tayankha: makanema akale a ku America ndi zimene kamera sinaone

FUNSO: Ndimaphunzitsa mbiri kusekondale. Ndapeza kanema pa YouTube amene akuti ndi nkhondo yapachiweniweni ya ku America, asilikali akuomberana. Kodi ndingaonetse ana? Mphunzitsi, Zomba

YANKHO: Aphunzitsi, musawaonetse ngati umboni. Nkhondoyo inamenyedwa kuyambira 1861 mpaka 1865, pomwe kamera yojambula zithunzi zoyenda inabwera m'zaka za m'ma 1890. Kanema aliyense woonetsa nkhondoyo ndi sewero basi. Zenizeni zimene zilipo ndi zithunzi zosayenda, monga zimene anajambula anthu a Mathew Brady, katswiri wojambula zithunzi wa nthawiyo, komanso makanema a asilikali atakalamba pamene anakumana ku Gettysburg, malo ena amene nkhondoyo inamenyedwa, mu 1913 ndi mu 1938.

Samalaninso ndi nkhondo ya America ndi Spain ya mu 1898. Nthawi imeneyo makamera analipo, koma anali olemera, ndipo ena mwa makanema a "kunkhondo" anawajambulira ku New Jersey, anthu atavala yunifolomu. Musanaonetse ana kanema aliyense, pezani zinthu zitatu: anajambula ndani, chaka chiti, ndipo akusungidwa kuti. Chimodzi chikasowa, muikeni pambali.

FUNSO: Bwanji anthu m'makanema akale amayenda mothamanga ngati akuthawa mvula? Wowerenga, Lilongwe

YANKHO: Vuto ndi liwiro la filimu. Makamera akale ankapukusidwa ndi dzanja, ndipo ambiri ankajambula zithunzi pafupifupi 16 mpaka 18 pa sekondi. Makanema a mawu atafika chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920, liwiro linakhazikika pa 24. Filimu ya 18 mukaiyendetsa pa 24, munthu aliyense amaoneka wopupuluma. Pa YouTube tsitsani liwiro kufika pa 0.75, muona anthu akuyenda bwinobwino. Dziwaninso kuti phokoso la mfuti, la kuomba m'manja ndi nyimbo zimene mumamva m'makanema oterewa anachita kuziwonjezera pambuyo pake.

FUNSO: Ndinamva kuti Kennedy anapambana Nixon chifukwa chooneka bwino pa wailesi yakanema. Kodi kanema angasinthedi ndale za dziko? Mayi wa ku Mzuzu

YANKHO: Mayi, nkhani imeneyi imanenedwa kwambiri, koma maziko ake ndi ofooka. Mtsutso woyamba wa pa wailesi yakanema pakati pa John Kennedy ndi Richard Nixon, amene ankapikisana pa upulezidenti wa America, unachitika pa 26 September 1960 ku Chicago, ndipo n'zoona kuti Nixon, amene anali atangotuluka m'chipatala, ankaoneka wotopa ndi wothukuta. Koma mawu akuti omvera pa wailesi anakonda Nixon pomwe oonera kanema anakonda Kennedy anachokera pa kafukufuku mmodzi wochepa, amene akatswiri a mbiri ambiri amamukayikira. Chisankhocho chinali chothinana kwambiri, ndipo nkhani za chipembedzo cha Kennedy, chuma ndi mavoti a zigawo zakumwera zinali ndi gawo lake.

Chitsanzo cholimba ndi cha ku Selma, m'chigawo cha Alabama. Pa 7 March 1965 anthu pafupifupi 600, motsogozedwa ndi John Lewis ndi Hosea Williams, anawoloka mlatho wa Edmund Pettus pofuna ufulu wovota wa anthu akuda. Apolisi anawamenya ndi zibonga, kuwathira utsi wokhetsa misozi ndi kuwathamangitsa ndi akavalo, makamera akujambula. Usiku womwewo wailesi yakanema ya ABC inadukiza filimu imene inkaonetsa n'kuika zithunzizo. Pa 15 March pulezidenti Lyndon Johnson analankhula kunyumba ya malamulo, ndipo pa 6 August anasainira lamulo loteteza ufulu wovota.

Apa ndi pamene timafunira katswiri wa mbiri. Kanemayo sakuuzani chifukwa chimene anthu anayendera tsiku limenelo. Pa 18 February, m'tauni yoyandikira ya Marion, pa zionetsero zina, wapolisi anaombera mnyamata wina wakuda, Jimmie Lee Jackson, amene anamwalira patatha masiku 8. Zinachitika usiku, magetsi a mumsewu atazima, atolankhani atamenyedwa, ndipo palibe kanema wa kuomberako. Ulendo wa pamlatho unabadwa pa imfa imeneyo, komanso pa zaka zimene anthu a ku Selma anakhala akuima pamzere kukhoti kufuna kulembetsa mavoti n'kumabwezedwa. Ife timaona kuti woonera mlatho wokha amawachita anthu amenewa chipongwe, chifukwa amaganiza kuti zonse zinachitika tsiku limodzi.

FUNSO: Ngati imfa ya Kennedy inajambulidwa, anthu amatsutsiranabe chiyani? Bambo wa ku Blantyre

YANKHO: Bambo, filimu imene Abraham Zapruder, mmodzi wa oonerera, anajambula pamene Kennedy ankaomberedwa pa 22 November 1963 ku Dallas ndi yaifupi kwambiri: zithunzi 486, masekondi pafupifupi 26, pa kamera ya 8mm yopanda mawu. Popeza mulibe mawu, simungawerenge kulira kwa mfuti. Kamera inkatsata galimoto, sinaloze kumene zipolopolo zinkachokera, ndipo kwa kanthawi chikwangwani cha mumsewu chinaphimba pulezidentiyo. Magazini ya Life inagula filimuyo n'kumasindikiza zithunzi zina zokha, moti anthu ambiri anaiona ikuyenda koyamba pa wailesi yakanema mu 1975. Zaka 12 zimenezo zinapatsa mphekesera mpata wokula.

FUNSO: Makanema amenewa ndingawapeze kuti popanda kulipira, nanga bwanji ena sapezeka? Wophunzira, Chipata

YANKHO: Yambani ndi National Archives ndi Library of Congress, nkhokwe ziwiri za boma la America zimene zili pa intaneti, kenako Internet Archive. Makanema a nkhani a kampani ya Universal, a kuyambira 1929 mpaka 1967, anaperekedwa ku National Archives ndipo aliyense angawagwiritse ntchito. Polemba zofufuza ikani dzina la malo ndi chaka, monga "Selma 1965", m'malo mwa mutu wotakata. Maphunziro a akatswiri mungawapeze pa C-SPAN, wailesi yakanema ya ku America imene imajambula aphunzitsi a m'mayunivesite ali m'kalasi. Poti zambiri ndi zolankhula, sankhani 360p kuti bandulo isathe msanga. Onerani kanema wakaleyo poyamba mutatseka mawu, lembani zimene mwaona ndi maso, ndiyeno mumvere wofotokoza ndi katswiri, muone pamene akusiyana.

Osowawo ambiri anapsa kapena kuwola. Mpaka cha m'ma 1950 makanema a 35mm ankajambulidwa pa filimu ya nitrate, imene imayaka mosavuta ndipo ikayaka siizima ngakhale muithire madzi. Mu December 1978 moto unabuka m'nkhokwe za National Archives ku Suitland, Maryland, n'kuwononga filimu ya Universal yotalika mafiti oposa 12 miliyoni. Filimu ya acetate imene inalowa m'malo siyaka choncho, koma ikakhala potentha ndi pachinyezi imayamba kununkha ngati viniga, imakhwinyata n'kuphwanyika. N'chifukwa chake osunga amaiika m'zipinda zozizira ndi zouma, ndipo chitini chimene chayamba kununkha amachipatula msanga chisanawononge zinzake.