App ya ngongole pagolosale, osadziwa khodi

Achimwene, mwafunsa ngati munthu wosadziwa kulemba khodi (malangizo opangira mapulogalamu a kompyuta) angapange app yolembera ngongole za makasitomala pagolosale yanu ku Ulongwe. N'zotheka ndithu, koma yambirani pa kope lanu lija la ngongole. Onani zimene mumalembamo tsiku ndi tsiku: dzina, katundu, ma meticais angati, walipira pa M-Pesa, e-Mola kapena pamanja.

Zimenezo muziike pa tebulo mu Google Sheets (pulogalamu ya Google yolembera matebulo), kenako mulumikize ku pulogalamu ina yotchedwa AppSheet. Imasandutsa tebuloyo kukhala app ya pafoni, ndipo mutha kuikonza kuti izigwirabe ntchito netiweki ikathawa, monga imachitira kumidzi ya ku Angónia ndi Tsangano kuno. Pomwe mwakakamira, funsani ChatGPT, pulogalamu ya pa intaneti yoyankha mafunso, m'Chipwitikizi kapena m'Chingelezi, poti Chichewa sachimva bwino kwenikweni. Muzipempha kanthu kamodzi basi. Ine ndinapempha zinthu zambiri nthawi imodzi, masamu anasokonekera, mayi wina wogulitsa kachewere n'kuoneka ngati ali ndi ngongole kawiri. Anabwera ndi kapepala kake m'manja, misozi ili m'maso. Mpaka lero zimandiwawa.

Ndiye muyese kaye ndi mayina ongopeka, mukuwerengetsanso ndi cholembera. Manambala a foni a makasitomala musawaike mu ChatGPT. Zoika app yanu pa Play Store, komwe kulembetsa ndi madola 25, zisiyeni kaye.