Kuitanira gule popanda kunena kuti "abambo" ndi "amayi"

Mwafunsa kuti mungatsogolere bwanji contra dance (gule wovina awiriawiri m'mizere, wina akuitanira mayendedwe) kwa anthu ongoyamba kumene popanda kuwagawa amuna ndi akazi. Magule awiri oyamba sankhani osafuna n'komwe maudindo: bwalo limodzi lalikulu, kapena mizere iwiri yoyang'anizana. Mukangoti "mzere wa kuzenera" ndi "mzere wa kukhomo", zatha.

Mayina a maudindo amafunika mukafika pa swing, pomwe awiri amagwirana n'kuzungulira limodzi. Ambiri ku America masiku ano amati lark ndi robin, mayina a mbalame. Lark amaima kumanzere, robin kumanja, monga zilembo zoyamba za left ndi right m'Chingerezi. Musanayambe, uzani ma lark akweze manja, kenako ma robin, kuti muone awiri omwe asankha dzina limodzi.

Pomwe zimasokonekera kwenikweni ndi pomaliza swing. Ongoyamba kumene amangoima paliponse chizungulire chikawagwira, basi chotsatira chonse chabalalika. Ayeserere katatu nyimbo isanalire: dzanja lamanja la lark pamsana pa robin, manja enawo agwirane n'kuloza komwe akufuna kuyang'ana, ndiye atambasuke ngati buku. Robin angopezeka ali kumanja.

Nyimbo imakhala ndi mabiti (kugunda kwa nyimbo) 64, zigawo zinayi za 16. Mawu anu alowe pa mabiti anayi omaliza, chigawo chotsatira chisanayambe. Mukalankhula chitayamba, mwachedwa kale. Tchulani kaye woyenda, chochita pambuyo: "Ma robin, dzanja lamanja pakati!" Wina akasinthanitsa udindo koma mzere ukuyenda bwino, musaimitse nyimbo.