Funsani Alangizi: Kodi madzi a nkhuku azifunditsidwa mu Juni?

FUNSO: Ndili ndi nkhuku zamazira 60. Mwana wanga ali ku Johannesburg wanditumizira kanema pa WhatsApp, anthu akuika babu m'chitini cha mabisiketi n'kukhazika chomwera nkhuku pamwamba pake, ati madzi asaundane m'nyengo yozizira. Juni wayandikira, ndipo kuno kumazizira kuposa kuboma. Nanenso ndipange?
Mayi wa ku Namwera

YANKHO: Mayi, ndalama yanuyo isungeni. Madzi amaundana kuzizira kukafika pa madigiri 0. Ku Mangochi boma, usiku wa Juni ndi Julayi kumatsika mpaka cha m'ma 14. Kwanu kumtundako kumatsikirapo ndithu, koma osati mpaka madzi a m'khola kuuma gwa. Chida chimenechi n'cha ku Canada, kumpoto kwa America ndi kumapiri a Lesotho, kumene mlimi amadzuka n'kupeza madzi asanduka mwala, nkhuku zikungojompha pachabe. Kuno kwathu chisanu chotere n'cha pamwamba pa phiri la Mulanje ndi ku Nyika.

Komabe tifotokoze kapangidwe kake, chifukwa kanemayu wafika m'mafoni ambiri ndipo ena ayesa ndithu. Chitini chimakhala chachitsulo, chachifupi koma chotambalala, chokhala ndi chivindikiro. Amaboola m'mbali, n'kulowetsa holda ya babu kuti babulo ligone m'kati osakhudza chitsulo. Babu lake ndi lija lakale lokhala ndi kawaya koyaka m'kati, la mawati 40, chifukwa mphamvu yake yambiri imasanduka kutentha. Mababu a LED amene adzaza m'magolosale masiku ano amangowala, sangafunditse kanthu. Kutenthako kumakwera n'kufunditsa chivindikiro, chivindikirocho n'kufunditsa pansi pa chomwera. Ena m'malo mwa chitini amaika babu m'bowo la buloko ya simenti n'kuvindikira ndi thailosi. Babu la mawati 40 likayaka maola 10 ladya mayunitsi 0.4.

Choopsa chili pa magetsi. Athu kuno ndi a mavoti 230, ndipo apa mukuwaika pansi pa madzi, m'chitsulo, pakati pa utuchi wouma. Pakamwa pa bowo la chitini pamakhala pakuthwa, pang'onopang'ono pamacheka nthambo, chitini chonse n'kugwira magetsi. N'chifukwa chake pabowopo pamafunika kamphira, ndipo waya wa efi amangiriridwe kuchitini ndi bawuti, pulagi ikhale ya mano atatu. Dontho limodzi la madzi ozizira likagwera babu lotentha, babulo lingathe kuphulika. Holda yapulasitiki imapserera, yabwino ndi yadothi loyera lija. Babu likapitirira mawati 60 lingathe kupinditsa chomwera chapulasitiki. Kuwonjezera apo makoswe amatafuna nthambo. Kumene madzi amaundanadi mlimi amalolera zonsezi poti alibe kuchitira mwina. Inu mungaike khola lanu pachiswe popanda phindu lililonse. Nkhuku yaikulu ili ndi nthenga zokwanira, ndipo madzi ozizira a m'mawa wa Juni imawakonda. Chofunika n'kutchinga ndi masaka mbali imene mphepo ya mwera imawombera, kumwamba n'kusiya mpata wa mpweya.

FUNSO: Chaka chatha mu Julayi ndinagula anapiye 100 a tsiku limodzi, sabata isanathe 30 anafa. M'mawa ndinkawapeza ataunjikana pakona, ena atanyowa. Kodi anaphedwa ndi madzi ozizira?
Bambo wa ku Malindi

YANKHO: Pepani bambo, anapiye 30 si ndalama yochepa. Koma mlandu si wa madzi amene anamwa. Anapiyewo anazizidwa thupi. Mwanapiye satha kudzifunditsa yekha kwa masabata awiri kapena atatu oyamba, ndipo kunyanjako mwera ukamawomba usiku amapanikizana pofuna kutenthedwa, apansiwo n'kubanika. Onyowawo anagwera m'chomwera, ndipo mwanapiye wonyowa usiku wa Julayi kawirikawiri safika m'mawa.

Sabata yoyamba pamafunika madigiri 32 mpaka 35, kuyeza pamsinkhu wa mwanapiye osati pamutu panu. Kenaka muzitsitsa ndi madigiri atatu sabata iliyonse. Zingani malo ozungulira ndi makatoni kapena mphasa, msinkhu masentimita 50, kutambalala pafupifupi mita imodzi ndi theka poyamba, n'kumafutukula akamakula. Akhale ozungulira ndithu, chifukwa pakona m'pamene amaphana. Pansi yalani mankhusu a mpunga kapena utuchi wokhakhala wouma, kuchindikala masentimita 5 mpaka 8. Utuchi wosalala ngati ufa amaudya.

Ngati muli ndi magetsi, babu lofiira lofunditsira anapiye la mawati 250 lipachikeni ndi tcheni, masentimita 45 mpaka 60 kuchokera pansi. Musalipachike ndi nthambo yake yomwe. Koma makala akhale pafupi, poti magetsi akazima pakati pa usiku anapiye sadikira. Mphika wadothi wobooledwa timabowo m'mbali ndi wabwino kuposa mbaula yachitsulo, chifukwa umasunga kutentha nthawi yaitali. Makalawo ayatsireni panja mpaka utsi uthe, afiire psuu, muwazepo phulusa pang'ono kuti asanyeke msanga. Mphikawo ukhale panjerwa, muuzinge ndi waya wa sefa kuti anapiye asaukhudze. Chonde musatseke chipinda chonse kuti ndii. Makala amatulutsa mpweya wakupha umene sununkha, umapha anapiye ngakhalenso munthu wogona momwemo.

Popanda choyezera kutentha, anapiyewo akuuzani okha. Akaunjikana pamoto akulira mokweza, azizidwa. Akathawira m'mphepete atayasama kukamwa, kwatentha. Akakhamukira mbali imodzi, pali polowera mphepo. Akabalalika bwinobwino, ena akudya ena akugona, mwakhoza.

Kunena za madzi, asakhale otentha, angochoka kuzizira basi. Thirani madzi a m'ketulo pang'ono m'ndowa, muyese ndi kuseri kwa dzanja. Anapiye 100 apatseni zomwera zazing'ono zitatu kapena zinayi, m'mphepete mwake muikemo timiyala totsuka kuti asagweremo. Zisagundane ndi moto, komanso zisatalikire, chifukwa mwanapiye wozizidwa sachoka pofunda kukafuna madzi. Akangofika, mmodzimmodzi muviikeni mlomo m'madzi, chakudya chibwere pambuyo.

FUNSO: Nanga mu Okutobala, madzi akamatentha okha m'chomwera, titani? Mazira amachepa ndipo zikamba zake zimafewa.
Mlimi wa ku Monkey Bay

YANKHO: Limeneli ndiye vuto lenileni la boma lathu la Mangochi. Mu Okutobala ndi Novembala masana kumafika madigiri 35, nkhuku ilibe thukuta, imadziziziritsa pochita wefuwefu. Kupuma kotereku kumasokoneza kashiamu wopangira chikamba cha dzira, n'chifukwa chake zikamba zikufewa. Nkhuku yoikira imamwa pafupifupi kota ya lita patsiku, kukatentha imatha kumwa kuwirikiza kawiri, ndiye ngati muli ndi nkhuku 60 zikonzereni malita 30. Koma madzi akafunda imangolawa n'kuchoka, ikasiya kumwa imasiyanso kudya.

Madzi sungani mumtsuko wadothi pamthunzi podutsa mphepo. Mtsuko umachucha pang'ono, chinyezicho chikamauma chimaziziritsa zam'kati. Ngati ndi diramu, likulungeni ndi chiguduli chonyowa. Sinthani madzi m'mawa, cha m'ma 11 koloko, ndiponso cha m'ma 2 koloko masana. Paipi yakuda yoyenda padzuwa ikwirireni, kapena muyambe mwataya madzi oyamba otenthawo. Chakudya chambiri perekani m'mamawa ndi madzulo.

Samalaninso pa katemera wa chitopa wothira m'madzi, wa LaSota. Kutentha kumamupha, kolorini, mankhwala otetezera madzi akumwa aja, nayenso amamupha. Mutemere m'mamawa ndi madzi ozizira opanda mankhwala, chomwera chikhale chapulasitiki chotsukidwa popanda sopo. Yambani mwazimana madzi nkhukuzo kwa ola limodzi kuti zikhale ndi ludzu, ndipo katemerayo zimumalize pasanathe maola awiri.