Majini oyandikana sasiyana msanga

Aphunzitsi ena a sayansi a ku Katete andilembera imelo. Akuti ana a giredi 12 awapanikiza ndi funso: ngati Mendel, katswiri wakale wofufuza mmene ana amatengera makhalidwe kwa makolo, anapeza kuti khalidwe lililonse limapita kwa ana palokha, n'chifukwa chiyani opanga mbewu zatsopano akatenga khalidwe labwino, lina losafunika limabwera nalo limodzi?

Aphunzitsi, anawo afunsa bwino. Lamulo la Mendel limagwira ntchito majini (tinthu ta m'maselo tonyamula makhalidwe) akakhala pa makromozomu (timaulusi ta m'maselo tosunga majiniwo) osiyana, kapena atatalikirana kwambiri. Chimanga chili ndi makromozomu awiriawiri okwana 10 okha, munthu 23, koma majini ndi zikwizikwi. Choncho ambiri ali pa kromozomu imodzi ngati mikanda pa ulusi, ndipo oyandikana amapitira limodzi. Izi ndiye linkage. Asayansi Bateson ndi Punnett anaziona mu 1905, ndipo mu 1913 Sturtevant, wophunzira wa wasayansi wina dzina lake Morgan, anajambula mapu oyamba a majini pogwiritsa ntchito tintchentche ta zipatso.

Chimene chimawalekanitsa n'chakuti popanga mungu kapena dzira, kromozomu ya kwa mayi ndi ya kwa bambo zimasinthana zidutswa. Creighton ndi McClintock anatsimikizira zimenezi pa chimanga mu 1931. Majini akatalikirana, mwayi woti kromozomu iduke pakati pawo umakula, koma supitirira 50 peresenti.

Tsono pa linkage equilibrium m'pamene mabuku amasokoneza ana. Apa sitikuyang'ananso chomera chimodzi koma munda wonse. Ngati kudziwa jini imene chomera chili nayo pamalo amodzi sikukuuzani kanthu za pamalo ena, ndiye kuti afika pa equilibrium. Safikapo tsiku limodzi ayi. Lembani pa bolodi: mwayi wosinthana ukakhala 50 peresenti, kuyendera limodzi kwa majiniwo m'mundamo kumatsika ndi theka pa m'badwo uliwonse. Ukakhala 10 peresenti, pafunika mibadwo pafupifupi 7 kuti kufike theka. Ukakhala 1 peresenti, mibadwo pafupifupi 69! Pa chimanga chongodalira mvula, zimenezo ndi zaka 69.

Palibe angadikire choncho. Ndiye wofuna nsawa yopirira matenda a rosette amadzala mbewu zambirimbiri, kusakasaka zochepa zimene zaduka pamalo oyenera. Ine ndikuti atengeni anawo mukaone minda yoyesera ku Msekera, kuno ku Chipata, akadzifunsire okha kuti mbewu imodzi yatsopano imadya zaka zingati.