Pulogalamu yakale ya pasitolo musaitaye tsiku limodzi

Funso: Ndili ndi sitolo ya zipangizo zomangira ku Limbe, ndipo chaka chatha ndinatsegula ina ku Mulanje. Kuyambira mu 2012 takhala tikulemba katundu, malonda ndi ngongole za makasitomala m'pulogalamu ya Microsoft Access imene anatipangira mnyamata wina yemwe pano ali ku Johannesburg. Ili pa kompyuta imodzi yokha ya Windows 7, imachedwa kutseguka, ndipo za ku Mulanje ndimazidziwa akandijambulira kope n'kutumiza pa WhatsApp. Mwana wanga akuti tiitaye, tipange yathu ya pa intaneti ndi zida zimene amati low-code. Kodi n'zanzeru? Mayi wa ku Limbe.

Yankho: Mayi, mwana wanu akunena zoona kuti nthawi yosintha yakwana, koma pa mawu oti "tiitaye" sindikugwirizana naye. Ndisanafotokoze chifukwa chake, ndikupempheni kuti lero lomwe, musanatseke sitolo, mukopere faelo ya Access ija pa flash ziwiri, imodzi mukasunge kunyumba. Microsoft inasiya kuteteza Windows 7 mu Januwale 2020, ndipo kompyuta ya zaka zimenezo ikhoza kufa usiku umodzi, makamaka ndi kuzimazima kwa magetsi kuno kwathu. Ikafa musanakopere, ngongole zonse zimene anthu ali nazo kwa inu zidzatsalira m'mutu mwa okongolawo.

Low-code ndi zida zopangira pulogalamu mosankha ndi kulumikiza zinthu zokonzedwa kale, monga mafomu, matebulo ndi mabatani, popanda kulemba malamulo ambiri a kompyuta. Zodziwika ndi Power Apps ya Microsoft, AppSheet imene Google inagula mu 2020, komanso Zoho Creator. Zonsezi zimasunga zolemba zanu pa makompyuta a kampaniyo, omwe mumawafikira kudzera pa intaneti, ndipo n'zimene amati cloud. Phindu lake kwa inu n'loonekeratu: wogulitsa wa ku Mulanje akalemba pa foni kuti matumba khumi a simenti atuluka, inu ku Limbe mudzaona popanda kudikira chithunzi cha kope.

Koma chuma chenicheni cha pulogalamu yanu yakale si mabatani ake ayi. Ndi zolemba za zaka zonsezi, pamodzi ndi malamulo a bizinesi yanu amene mnyamata uja anawabisa m'kati mwake ndipo mwina palibe amene anawalemba pa pepala. Mwina kontilakitala wogula malata oposa chiwerengero chakuti amatsitsiridwa mtengo, mwina kasitomala amene ngongole yake yapitirira masiku akuti pulogalamu imamukaniza kutenganso katundu, mwinanso misomali imalowa pa katoni koma imatuluka pa kilogalamu. Zinthu zoterezi ndi zimene zimasowa anthu akathamangira kupanga zatsopano, ndipo zimadziwika kuti zasowa ndalama zitayamba kale kuchepa. Choncho khalani pansi inu, mwana wanu ndi wantchito amene wakhalitsa pa kauntala, mutsate malonda a mlungu wathunthu, mulembe chilichonse chimene pulogalamuyo imachita yokha. Ngati mnyamata wa ku Johannesburg mungamupeze pa foni, mulipireni ola limodzi kapena awiri kuti akufotokozereni. Ndalama imeneyo simudzadandaula nayo.

Kenako sankhani ntchito imodzi yokha yoyambira. Ine ndikadayamba ndi kaundula wa katundu wa ku Mulanje, chifukwa ndi pamene pakukupwetekani kwambiri ndipo kulibeko pulogalamu yakale yoti isokonezeke. Ngongole za makasitomala zibwere pomalizira, pakuti tambala imodzi ikalakwika pamenepo imabala mkangano ndi munthu amene mwagwira naye ntchito zaka zambiri. Mukafika posamutsa za ku Limbe, yendetsani zakale ndi zatsopano limodzi kwa miyezi iwiri kapena itatu, ndipo Loweruka lililonse muziyerekezera ziwerengero zake. N'zotopetsa kulemba kawiri, antchito adzang'ung'udza, koma palibe njira ina yodziwira kuti chatsopanocho chikunena zoona. Musanasamutse, yeretsani zolembazo, chifukwa m'kaundula wa zaka zambiri dzina la kasitomala mmodzi limapezeka katatu ndi malembedwe osiyana.

Nkhani imene ndikufuna muiganizire mofatsa kwambiri ndi ya malipiro. Access munaigula kamodzi n'kuiwala, pamene zida izi zimalipitsa mwezi ndi mwezi, kawirikawiri pa munthu aliyense wogwiritsa ntchito, ndipo mtengo wake uli m'madola. Mukukumbukira kuti mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Amene ankalipira zoterezi anaona bilu yawo ikukwera osawonjezerapo kanthu. Onjezerani vuto la kusowa kwa ndalama zakunja, limene limachititsa kuti khadi la ku banki nthawi zina likane kulipira pa intaneti. Werengani antchito amene akufunikadi kulowamo, muchulukitse ndi miyezi 36, muwonjezere mabandulo a intaneti ndi mafoni, ndipo musiye mpata woti kwacha ikhoza kugwanso. Funsaninso ku banki kwanu ngati mudzatha kulipira mwezi uliwonse, chifukwa malipiro akaima, pulogalamu imatha kutsekedwa malonda ali m'kati.

Pa kusankha chida, yesani ziwiri musanalipire. AppSheet imayamba mosavuta kuchokera pa Google Sheets, yomwe ili ngati Excel ya pa intaneti, ndipo imalola kulemba netiweki kulibe, n'kudzatumiza ikabwera, zomwe n'zofunika kwa sitolo ya ku Mulanje. Power Apps ili ndi njira yosamutsira matebulo a Access kupita ku Dataverse, malo a Microsoft osungiramo zolemba pa intaneti, koma mafomu ndi malamulo aja muyenera kuwamanganso. Chilichonse mungasankhe, onetsetsani ndi maso anu kuti mukhoza kutulutsa zolemba zonse mu Excel, ndipo akaunti yaikulu ikhale m'dzina la bizinesi, mawu ake achinsinsi musunge ndinu. Mwana wanu tsiku lina adzapeza ntchito kwina, monga anachitira mnyamata uja.

Pali malamulo awiri oti musawaiwale. Ngati munalembetsa VAT, malisiti anu ayenera kutsata dongosolo la MRA, ndipo pulogalamu yodzipangira siilowa m'malo mwake, choncho afunseni musanasinthe kalembedwe ka malonda. Komanso lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2024, limene MACRA imayang'anira, limakhudza maina, manambala a foni ndi ngongole za makasitomala anu, kotero wogulitsa aliyense akhale ndi akaunti yakeyake ndipo aziona zokhazo zimene ntchito yake imafuna.

Uzani mwana wanu kuti mwezi uno apange fomu imodzi yolembera katundu wolowa ndi wotuluka ku Mulanje, ayambe ndi zinthu makumi awiri zimene zimayenda kwambiri. Pakutha pa mwezi pitani mukawerenge matumba ndi malata amene ali m'sitolo, muyerekezere ndi zimene foni ikunena, ndipo mundilembere zimene mwapeza.