Navratri: chifukwa chake anyezi ndi adyo amachoka m'khitchini masiku 9

Mayi wina amene amagwira ntchito yophika pa banja la Chihindu ku Limbe watilembera imelo. Akuti abwana ake amuuza kuti Navratri yayandikira, ndipo kwa masiku 9 sipakhala kuphika nyama, mazira, anyezi ndi adyo, ngakhale mchere wa masiku onse. Akufunsa kuti mwambowu ndi wa chiyani, nanga aphike bwanji kuti asalakwitse.

Mayi, chinsinsi chake n'chakuti pa masiku amenewa banjalo limatenga kuti m'nyumba mwafika mlendo wolemekezeka, mulungu wamkazi Durga, amene Agujarati, anthu ochokera ku dera la Gujarat ku India, amakonda kumutchula kuti Amba kapena Mataji. Malamulo onse amene mwamvawo akuchokera pamenepo. Dzina loti Navratri limatanthauza mausiku 9. Ahindu amanena kuti Durga, atakwera mkango, anamenyana ndi chiwanda chotchedwa Mahishasura chimene chinkasanduka njati, ndipo anachipha pa tsiku la 10. Tsikulo amalitcha Vijayadashami kapena Dussehra. Madeti amasintha chaka ndi chaka chifukwa amatsata mwezi wakumwamba: mu 2024 anayamba pa 3 Okutobala, mu 2025 pa 22 Seputembala. Nthawi zina masikuwo amakhala 8 kapena 10, choncho funsani eni nyumba, musawerenge nokha pa kalendala.

M'mawa wa tsiku loyamba mudzaona akuyala dothi loyera m'mbale yadothi yotakata n'kufesamo barele. Pakati pake amaimikapo kamtsuko ka mkuwa kapena kadothi kotchedwa kalash, kodzaza madzi, muli ndalama yachitsulo ndi mtedza wa sopari. Kukamwa kwa kamtsukoko amazunguliza masamba asanu a mango, pamwamba n'kukhazikapo kokonati wokulungidwa m'nsalu yofiira. Akatero ndiye kuti Mataji wakhala pansi. Kamtsukoko sikasunthidwa mpaka mwambo utatha, ngakhale posesa kapena pokolopa. Musakagwire.

Barele amayamba kumera pakatha masiku awiri kapena atatu, ndipo akamera wobiriwira, wothithikana, amati chaka chikhala chamwayi. Apa pali vuto la kuno kwathu. Ku India mwambowu umafika mvula itangotha kumene, pomwe kuno umagwa m'chilimwe chenicheni, dothi la m'mbale limauma msanga. Anthu poopa zimenezo amathira madzi ambiri, mbewu n'kuola, dothi n'kuchita chuku. Akakupemphani kuthirira, ingowazani ndi zala m'mawa ndi madzulo, dothi likhale lachinyezi, osati matope.

Mabanja ena amayatsanso nyali yosazima usana ndi usiku, ya mafuta a ghee (batala woyengedwa) kapena a chitowe. Ikazima mwangozi, zimakhala pa zifukwa zitatu: mphepo ya pazenera kapena ya fani, chingwe chachifupi, ndi mwaye umene umaundana kunsonga kwa chingwecho. Odziwa amayamba ayatsa kanyali kena kuchokera pa lawi lomwelo asanakonze chingwe. Imeneyo ndi ntchito ya eni ake; yanu ndi kuwauza mukaona mafuta akutha, ndi kusunga makatani kutali.

Tsopano za m'khitchini, pomwe pagona funso lanu. Kusala kwake si kukhala ndi njala tsiku lonse ayi. Ena amadya kamodzi patsiku, ena zipatso ndi mkaka zokha, ena amasala tsiku loyamba ndi lomaliza basi. Wosala sadya tirigu, mpunga, chimanga, nyemba kapena nandolo, ndiye nsima ndi chapati palibe. Anyezi ndi adyo amati zimautsa zilakolako ndi kulemeretsa maganizo, choncho kawirikawiri zimachoka m'nyumba monse, ngakhale kwa amene sakusala. Mchere wa m'nyanja amausiya n'kugwiritsa ntchito wa m'miyala, umene Agujarati amautcha sindhav, ena sendha namak. Chenjerani ndi zokometsera za m'mapaketi, masupu a timibulu ndi msuzi wa m'mabotolo: zambiri muli ufa wa anyezi, adyo ndi mchere wamba. Apa ndi pamene ophika ambiri amagwera. Tomato, ndimu ndi zokometsera zina, nyumba ina imalola ina imakana, ndiye funsani tsiku loyamba lisanafike.

Zololedwazo zambiri mukuzidziwa kale: mbatatesi, mbatata, dzungu, mtedza, nthochi, mkaka ndi yogati. Ufa wa rajgira ndi wa njere za mtundu wa bonongwe. Timikanda toyera ta sabudana timapangidwa kuchokera ku chinangwa, ndipo n'timene timavutitsa wophika koyamba. Tengani kapu imodzi, tsukani kawiri kapena katatu mpaka madzi asiye kuyera, kenaka thirani madzi ongofika pamwamba pake, osapitirira. Vindikirani maola 5 kapena 6. Mukakanikiza kamkanda ndi zala kaziphwanyika kopanda kouma pakati. Sakanizani ndi theka la kapu ya mtedza wokazinga wosinja mwamisere, ndi mchere wa m'miyala uja. M'poto tenthetsani masupuni awiri a ghee, ponyanimo njere zokometsera za jira (cumin) pang'ono, tsabola wobiriwira ndi mbatatesi imodzi yodula tizidutswa. Mbatatesi ikapsa thirani sabudana, moto ukhale wochepa, mphindi 4 kapena 5, mpaka timikanda tiwale ngati galasi. Mukaviika m'madzi ambiri, kapena kuvundula ngati mukuphika nsima, mupeza chiphala chomata chimene sichichoka pa supuni. Mtedza uja ndi umene umamwa chinyezi kuti timikanda tisagwirane.

Chinthu china chimene wophika aliyense amachita osaganiza ndi kulawa. Chakudya chimene akukapereka kaye kwa Mataji sichilawidwa. Yezani mchere ndi supuni. Sambani musanayambe kuphika, ndipo mafuta amene munakazingira zina kale musawabwereze; mabanja ambiri ali ndi mapoto akeake a masiku amenewa.

Tsiku lotanganidwa kwambiri ndi la 8 kapena la 9. Amaitana atsikana ang'onoang'ono, kawirikawiri 9, kuyimira maonekedwe 9 a Durga, kuyambira Shailaputri mpaka Siddhidatri. Amawasambitsa mapazi, kuwadyetsa ndi kuwapatsa mphatso. Ku mpoto kwa India chakudya chake ndi puri (tizitumbuwa tatirigu topyapyala tokazinga m'mafuta), tchana zakuda (mtundu wa nyemba) ndi halwa, chakudya chotsekemera cha ufa wa tirigu wamisere wotchedwa semolina. Ena amaphika kheer, phala lotsekemera la mpunga ndi mkaka. Tchanazo ziviikeni usiku wathunthu, apo ayi sizipsa pa nthawi yake.

Madzulo mudzaona banja lonse litatchena zowala, likupita ku holo kapena kukachisi. Akupita ku garba, gule wa ku Gujarat amene UNESCO inamuika pa mndandanda wa chikhalidwe cha dziko lonse mu 2023. Amavina mozungulira mtsuko wadothi wobooledwabooledwa, muli nyali m'kati, akuwomba m'manja kawiri kapena katatu pa sitepe, kenaka amatenga timitengo tiwiritiwiri n'kuvina dandiya. Mumzinda wa Kolkata, kwawo kwa Abengali kum'mawa kwa India, mwambo womwewu ndi Durga Puja, wa ziboliboli zikuluzikulu zadothi zimene amakazimiza mumtsinje wa Hooghly, ndipo Abengali ambiri sasala nsomba, ndiye musatenge lamulo la nyumba imodzi ngati la Ahindu onse.

Akakuitanani ku garba, vulani nsapato pakhomo ndipo muvale zofika m'munsi. Akakupatsani prasad, chakudya chimene chaperekedwa kale kwa Mataji, landirani ndi dzanja lamanja, lamanzere lili pansi pake, monga timalandirira kwa akulu. Ngati chikhulupiriro chanu sichikulolani kudya, kanani mwaulemu asanakuikireni m'manja, chifukwa kulandira kenaka n'kukataya ndiko kumawapweteka mtima eni ake.