Sipika ya ampu ya gitala yang'ambika: kodi ndingoikamo iliyonse ya mainchesi 12?

Kalata imene ndikuyankha lero yachokera kwa wowerenga wina wa ku Lilongwe amene amaimba lidi gitala m'gulu loimba la kutchalitchi kwawo. Mwachidule, iwo akuti anagula ampu yakale ya mavalavu (timababu tagalasi tokuza mawu) ya mawati 30, yokhala ndi sipika imodzi ya mainchesi 12, ndipo pepala la sipikayo lang'ambika moti tsopano ikungopokosera. Wokonza mawailesi wawauza kuti angoikamo sipika ya PA (ya zokuzira mawu za pamisonkhano ndi m'matchalitchi) ya mawati 300 imene ali nayo kale, ati popeza ndi yamphamvu sidzapsa. Funso lawo ndi lakuti: "Kodi mayina timamvawa a Celestion ndi Jensen ali ndi phindu lenileni, kapena ndi kutsatsa malonda chabe? Ngati phindu lilipo, ndigule iti?"

Achimwene, zikomo chifukwa cha kalata yanu. Wokonza mawailesiyo wanena zoona pa chinthu chimodzi, chakuti sipika ya mawati 300 sidzapsa, koma mukaiika mudzapeza kuti ampu imene munaikonda pogula ija yasanduka ina. Chifukwa chake n'chakuti sipika ya PA ndi sipika ya gitala zinapangidwira ntchito zosiyana kotheratu. Ya PA imayenera kubweza mawu monga momwe yawalandirira, osawonjezerapo kapena kuchotsapo kanthu, pamene ya gitala imasiyidwa dala ndi zofooka zake, ndipo zofookazo ndi zimene makutu athu anazolowera kuti ndiko kulira kwa gitala ya magetsi.

Chingwe chachikulu cha gitala chimalira pa mahertz (muyeso wa kutsika kapena kukwera kwa liwu) pafupifupi 82, ndipo sipika ya gitala ya mainchesi 12 imayambira chapompo n'kukafika cha pa mahertz 5,000, kenako imagwa msanga. Kugwa kumeneku n'kofunika kuposa momwe ambiri amaganizira. Mukaponda pedo ya distortion, kachipangizo koponda ndi phazi kamene kamakalipitsa mawu a gitala, kapena mukakweza ampu mpaka mavalavu atayamba kukalipa, pamabadwa timawu tambirimbiri tosongoka tokwera kupitirira pamenepo, ndipo sipika ya gitala imatidula tisanafike m'khutu. Amene anayesapo kulumikiza pedo yotere mwachindunji ku mikisa amadziwa phokoso lolasa m'makutu limene limatuluka m'matwita, timasipika ting'onoting'ono ta mawu osongoka. Sipika ya PA ya mainchesi 12 yopanda twita ili ndi vuto lina: pepala lake ndi lokhuthala ndi lolemera, m'mphepete mwake ndi mofewa kuti itulutse mabesi, ndipo gitala imamveka yakufa, yopanda mano, ngati yafunditsidwa.

Pepala la sipika ya gitala ndi lopyapyala ndi lopepuka, ndipo mawu akakwera silisunthanso lonse pamodzi. Mbali zina zimapita kutsogolo pamene zina zikutsalira, ndipo kupindikapindika kumeneku kumakweza mawu ena n'kutsitsa ena. Opanga amapaka mankhwala omata m'mphepete mwa pepalalo kuti lisanjenjemere mopitirira, monga momwe woimba ng'oma amamatira phula pakati pa chikopa kuti asinthe kaliridwe kake, ndipo kuchuluka kwa mankhwalawo kokha kumatha kusiyanitsa masipika awiri ofanana dzina. Pa pepala muwonjezerepo kukula kwa koyilo (waya wokulungidwa umene umagwedeza pepalalo), mtundu wa maginito ndi kulemera kwake, ndiye mwapeza zinthu zimene zimasiyanitsa mayina amene mwafunsawo.

Ndiyambe ndi ku America. Kampani ya Jensen inayambitsidwa ndi Peter Jensen, mbadwa ya ku Denmark, ndipo inali ku Chicago. M'zaka za m'ma 1950 Leo Fender ankaika masipika ake m'maampu ambiri, ndipo chitsanzo chodziwika ndi Bassman ya 1959, imene inali ndi masipika anayi a mainchesi 10 okhala ndi maginito a chitsulo chosakaniza chotchedwa alnico. Pa Jensen zakale, chilembo P chimaimira alnico, C chimaimira ceramic, nambala ndi mainchesi, ndipo chilembo chomaliza chimakuuzani kukula kwa koyilo ndi maginito ake: P12R ili ndi koyilo ya inchi imodzi ndipo imayamba kukalipa msanga, pamene P12N ili ndi koyilo ya inchi imodzi ndi theka ndi maginito aakulu, choncho imakhalabe yoyera ngakhale mutakweza. Kaliridwe ka Jensen ndi kowala, kongwengwera pamwamba, mabesi ake ndi otambasuka, ndipo mawu apakati ndi obwerera m'mbuyo pang'ono. Masiku ano masipika a dzina limeneli amapangidwa ku Italy, ndipo ngakhale ali abwino, musayembekezere kuti atsopanowo alire ndendende ngati pepala limene lakhala likugwedezeka kwa zaka 60.

Ku Britain mbiri ndi ya Celestion, kampani imene inayamba mu 1924 n'kudzakhazikika ku Ipswich. Sipika yake ya G12 ya alnico, yopakidwa utoto wabuluu, ndiyo inkaikidwa iwiriiwiri mu Vox AC30, ampu imene a Beatles ankagwiritsa ntchito m'zaka zawo zoyambirira ndiponso imene Brian May wa gulu la Queen sanaisiye. Blue imeneyi imalandira mawati 15 okha, koma ndi yaphokoso modabwitsa, ndipo pamwamba pake pamalira ngati belu popanda kulasa. Mukamenya chingwe mwamphamvu imachita ngati yagonjera pang'ono kenako n'kutulutsa mawuwo mofewa, ndipo oimba ambiri amanena kuti khalidwe limeneli ndi la alnico. Ine maganizo anga ndi akuti maginito ali ndi mbali yake, koma amatamandidwa mopitirira. Pepala ndi koyilo yochepa mphamvu zimachita zambiri pa zimene khutu limamva.

Alnico ndi chitsulo chosakaniza ndi aluminiyamu, nickel ndi cobalt, ndipo cobalt ndi wodula. N'chifukwa chake m'zaka za m'ma 1960 opanga ambiri anasamukira ku maginito a ceramic, otsika mtengo ngakhale olemera. Amene anatsalira, monga JBL, anakankhidwa ndi nkhondo ya mu 1978 ku Kolwezi, m'chigawo cha Shaba cha dziko limene panthawiyo linkatchedwa Zaire, pamene mtengo wa cobalt unakwera koopsa. Owerenga a ku Zambia akudziwa kuti mwala womwewo umapezekanso m'migodi ya ku Copperbelt, kutsidya kwa malire. Choncho kusintha kwa kaliridwe ka magitala a dziko lonse kunayamba ndi mitengo ya miyala osati ndi makutu a oimba.

Ceramic sinali kubwerera m'mbuyo ayi. Jim Marshall, amene anali ndi sitolo ya zoimbira ku Hanwell mu London, anatulutsa ampu yake yoyamba ya JTM45 mu 1962 potengera kwambiri kalumikizidwe ka Bassman ija, koma inamveka mosiyana, ndipo chimodzi mwa zifukwa zikuluzikulu chinali chakuti m'malo mwa Jensen zinayi za mainchesi 10 m'bokosi lotseguka kumbuyo, iye anaika Celestion zinayi za mainchesi 12 m'bokosi lotsekeka. Umenewu ndi umboni umene ndimaupereka kwa aliyense wonena kuti sipika ndi sipika basi. Chapakati pa zaka za m'ma 1960 kunabwera Celestion G12M ya maginito a ceramic, imene anthu amaitcha Greenback chifukwa cha chivindikiro chake chobiriwira. Poyamba inali ya mawati 20, kenako 25. Mawu ake apakati ndi onenepa ndi ofunda, pamwamba ndi pozungulira, mabesi ndi omasuka, ndipo imakalipa msanga mokoma. Mchimwene wake G12H ali ndi maginito olemera kwambiri, amalandira mawati 30, ndipo mabesi ake ndi olimba. Mu 1986 kunabwera Vintage 30, imene dzina lake limasocheretsa ambiri popeza imalandira mawati 60. Ili ndi chotupa champhamvu m'mawu apakati okwera, chimene chimaboola phokoso la gulu lonse, koma m'chipinda chaching'ono chingathe kutopetsa makutu.

Palinso gulu lina la masipika amene sakalipa n'komwe, monga JBL D120F yokhala ndi koyilo ya mainchesi 4 ndi kachipewa ka aluminiyamu pakati, ndi Electro-Voice EVM12L ya mawati 200. Amenewa amangopereka zimene ampu yanena, mokweza ndi moyera, koma ndi olemera moti msana umadandaula.

Tsopano tibwere ku ampu yanu. Chinthu choyamba kuyang'ana si dzina koma ma ohm, muyeso wa mmene sipika imakanira magetsi ochokera mu ampu. Tembenuzani ampuyo muwerenge kumbuyo kwa sipika yakaleyo ndiponso pa bowo limene waya wa sipika umalowa. Mudzapeza 4, 8 kapena 16, ndipo yatsopanoyo ikhale ya nambala yomweyo. Ngati zolembazo zinafufutika, wokonza uja ayeze ndi mita, podziwa kuti sipika ya ma ohm 8 imaonetsa cha pa 6 kapena 7. Pa ampu ya mavalavu nkhaniyi si yamasewera, chifukwa pakati pa mavalavu ndi sipika pali thiransifoma imene imayembekezera katundu woyenera. Chachikulu kuposa zonse, musadzayatse ampuyo n'kuyamba kuimba sipika itachotsedwa, chifukwa thiransifomayo ingapse, ndipo kuipeza kwathu kuno n'kovuta kuposa kupeza sipika.

Chachiwiri ndi mawati, ndipo apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Nambala ya mawati yolembedwa pa sipika sinena za kukula kwa phokoso. Imangonena kutentha kumene koyilo ingapirire isanapse. Ampu ya mavalavu ya mawati 30 ikakwezedwa mpaka kukalipa imatulutsa mphamvu yoposa 30, choncho Blue imodzi ya mawati 15 ingakufereni m'manja, ndipo Greenback imodzi ya mawati 25 ikhala ili pamphepete pa phompho Lamulungu lililonse. Mufunika sipika ya mawati 50 kapena kuposerapo. Kukula kwa phokoso kumaonekera pa nambala ina, ya ma dB, imene imayezedwa popereka wati imodzi n'kuima mita imodzi kutsogolo. Blue ndi Vintage 30 zili pa 100 dB, pamene G12T-75, imene imapezeka m'mabokosi ambiri a Marshall, ili pa 97 dB. Kusiyana kwa 3 dB kukuoneka kochepa papepala, komatu n'kofanana ndi kuwirikiza kawiri mphamvu ya ampu. Kunena kwina, sipika ya mawati 300 yolemera pepala ingathe kumveka motsika kuposa Blue ya mawati 15 pa ampu imodzi yomweyo.

Mwandiuza kuti mumaimba kutchalitchi, ndipo ndikuganiza kuti nthawi zambiri mumaimba lidi yoyera, ya timawu todumphadumpha pamwamba pa kiyibodi ndi oimba pakamwa, n'kumaponda distortion mwa apo ndi apo. Pa ntchito yotere ine ndingasankhe Jensen C12N ya mawati 50, chifukwa imasunga kuwala kwa zingwe zing'onozing'ono ndipo sipikisana ndi mawu a anthu, amene amakhala pakati. Ngati gitala yanu ndi yowala kale, monga Stratocaster kapena Telecaster, ndipo anzanu amadandaula kuti imalasa, tengani Celestion G12M-65 Creamback, imene inapangidwa kuti ilire ngati Greenback koma ikulandira mawati 65. Vintage 30 ndingaisankhe pokhapokha ngati woimba ng'oma wanu ali wamanja olemera ndipo gitala imamira. Ndi yaphokoso, ndipo m'tchalitchi cha malata ndi simenti phokosolo limabwerera kwa inu lowirikiza. Kumbukiraninso kuti imalemera pafupifupi makilogalamu 5, zimene zidzaoneka pa mtengo wotumizira ngati mukuitanitsa kuchokera ku Johannesburg kapena ku Britain. Masipika a Eminence, a ku Kentucky, nawonso si onyozeka, ndipo kawirikawiri amatsikirapo mtengo.

Musanatulutse ndalama, yang'anani bwino sipika yakaleyo. Ngati kumbuyo kwake kuli dzina limodzi mwa amene ndatchulawa, musaitaye. Ikani zala zanu motambasula mozungulira kachipewa ka pakati, mukankhe pepalalo pang'onopang'ono molingana mbali zonse, khutu lili pafupi. Mukamva kukhulana, ndiye kuti koyilo inapindika ndi kutentha ndipo ikukhudza maginito, choncho ifunika pepala ndi koyilo zatsopano. Ngati ikuyenda mwakachetechete ndipo vuto ndi kung'ambika kwaling'ono kokha, kachidutswa ka pepala lopyapyala ndi guluu wofewa amene sauma gwa zingaisunge kwa zaka. Amene amakulunga makoyilo a masipika a PA m'matauni mwathu angaidzutse ndithu, koma akaikamo pepala lokhuthala la PA, chitsulo ndi maginito zidzakhala za Celestion pamene kaliridwe kadzakhala ka chinthu china.

Mukaika yatsopano, musaiweruze tsiku loyamba. Pepala latsopano limakhala louma ndipo limamveka lolimba ndi losongoka, koma likaimbidwa mokweza kwa milungu ingapo limafewa, mabesi n'kutseguka. Mangani masikuluwu mopingasa, pang'onopang'ono, osalimbitsa mopitirira, chifukwa chitsulo cha sipika chikapindika koyilo imayamba kukhula. M'nyengo ya dzinja musasiye ampuyo pansi pa simenti m'chipinda chachinyezi, popeza pepala limamwa madzi, ndipo mphemvu ndi mbewa zimalikonda.

Chomaliza ndi malo amene mumaika ampu ndi maikolofoni. Sipika ya mainchesi 12 imaponya mawu osongoka molunjika kutsogolo, moti ampu ikakhala pansi inu mumamva mawu obuntha m'mawondo n'kumawonjezera treble, pamene amayi okhala pa benchi yakutsogolo akulasidwa m'makutu. Ikwezeni pampando kapena muipendeketse iloze kumutu kwanu. Ngati mumaika maikolofoni monga Shure SM57 kutsogolo kwake, kuloza pakati penipeni kumapereka mawu akuthwa, ndipo kuisunthira chakumphepete kumawafewetsa. Yambirani pamene kachipewa kakumana ndi pepala, musunthe pang'onopang'ono mnzanu wa pa mikisa akumvetsera, ndipo mukapeza pabwino muikepo chizindikiro cha tepi pa nsalu ya kutsogolo kwa ampu.